Nsapato za Lufeyo Pansi pa Galimoto

Galimoto ya a Chidzanja, wapampando wa msika, idakana kulowa magiya. Adalamula anthu kuti aikankhire kwa Lufeyo, makaniki wa pansi pa mtengo wa mango.

"Iwe, ukonze lero lomwe. Ukalephera ndikulanda masipanala onsewa."

Lufeyo atasuzumira pansi adaona kuti giyabokosi idafa kalekale. Koma akuluakulu a mtundu umenewu sauzidwa zoona.

"Kamatenda kakang'ono aka, bwana, klatchi yangolowa mpweya. Khalani pampando muipondereze. Musachotse phazi ndisananene, apo ayi giyabokosi iphulika."

Adakwawira pansi ndi thumba lake la masipanala, nsapato zokha zikuonekera pafupi ndi chitseko.

A Chidzanja adaponda. Dzuwa lidawawotcha, mwendo udachita dzanzi, amayi a tomato adasonkhana kudzaonerera.

"Lufeyo, ndichotse kodi? Mwendo wafa kuno."

Kudangoti zii.

Mayi wina adawerama nkukoka nsapato imodzi, ndipo idabwera yopanda phazi. Mwini wake anali atatulukira mbali inayo, ali m'minibasi ya ku Dedza, masipanala ali pamiyendo.

"Tsikanitu, achimwene," adatero mayiyo akuseka.

A Chidzanja adayang'ana nsapatoyo, thukuta lili kamukamu, koma phazi sadachotse.

"Nanga ikaphulika?"