Kalipentala Amene Anaima Kumapeto kwa Mzere

Panali kalipentala wina amene ankakhala m'mudzi wa kutsidya kwa mtsinje. Anali munthu wa manja abwino. Chitseko chopanga iye sichinkalira, ndipo mpando wake munthu ankakalamba nawo. Kutchalitchi ankakhala kutsogolo, nyimbo ankaimba pamtima. Kuchipani nako anali mlembi wa komiti ya m'dera lakwawo. Mukanamuona akudutsa ndi pensulo yake kukhutu, mukanati munthu ndiye uyu.

Mtsinje umenewo m'chilimwe unali wachabechabe, mbuzi zinkawoloka osanyowa pamimba. Koma dzinja likafika unkalusa, ndipo mlatho panalibe. Chipatala, msika ndi sukulu ya sekondale, zonsezo zinali tsidya linalo. Makhansala atatu anabwera n'kupita, aliyense atajambulitsa chithunzi m'mbali mwa madzi, chala chili cholozera pamene padzakhale mlatho. Mlathowo unathera m'zithunzi momwemo.

M'wodi imeneyo munali mayi wina, mayi Nachanza, amene anagwira ntchito ya ulangizi wa zaumoyo mpaka kupuma. Chaka china, mvula ya Febuluwale ili pachimake, nthawi yoti mkazi wa kalipentala achire inakwana, ndipo zinthu sizinkayenda bwino. Amuna anafika pamtsinje ndi machira, n'kuima, n'kumayang'anana. Mayi Nachanza anabwera kutsogolo. Anamanga chitenje m'chiuno, nagwira ngodya imodzi ya machirawo, n'kulowa m'madzi ofika pachifuwa. Amuna aja manyazi atawagwira anatsatira. Mwana anabadwira pakhonde la chipatala, wamkazi, anamutcha Sigele. Tsiku limenelo kalipentala anagwada m'matope.

“Amayi,” anatero, “tsiku limene mudzandifune, mudzangondikodola.”

Zaka zinapita. Kenaka khansala wa wodiyo anamwalira nthawi yake ya paudindo isanathe, ndipo kunalengezedwa kuti kudzakhala chisankho chachibwereza. Kumeneko chipani champhamvu chinali chimodzi chokha. Amene watenga mbendera yake, wapambana kale. Choncho nkhondo yeniyeni inali pa chisankho chachipulula, pamene a m'makomiti amasankha munthu woti aimire chipanicho.

Anaonetsa chidwi anthu awiri. Woyamba anali mayi Nachanza, ndipo uthenga wawo unali umodzi wokha: mlatho. Anali atayenda kale kuboma ndi makalata a mlathowo mpaka nsapato kutha, asanalotepo za ukhansala. Wachiwiri anali a Kathumba, mkulu wa malole amene ankagula soya m'midzi n'kukagulitsa kutauni. A Kathumba anabadwira m'wodi momwemo, inde, koma anthu ankawaona nthawi yokolola yokha. Kampeni yawo anaiyambira pamaliro a khansala uja. Manda asanafotsere, mayi wamasiye akugubuduka, iwo anali atalanda kale chimkuzamawu akulonjeza miseu. Zamanyazi! Koma poti ufa wa pamaliropo unabwera ndi lole yawo, palibe amene anawakhazika pansi.

Bokosi la malirowo analipanga ndi kalipentala wathu uja, ndipo a Kathumba analisirira. Patangopita sabata anamupatsa ntchito yopanga zitseko ndi mafelemu onse a nyumba yogona alendo imene ankamanga pamsika. Imeneyo inali ntchito ya chaka chathunthu. Za chisankho sanamuuze chilichonse. Anangomusisita paphewa n'kunena kuti, “Amisiri, inu ndi ife ndife amodzi.” Kalipentala sanali mwana, anamva.

M'mawa wina mayi Nachanza anafika pamalo pake pogwirira ntchito, akukankha njinga. Sanabweretse mchere kapena chitenje.

“Bambo a Sigele, mwamva kuti ndaima. Kodi ndingakudalireni?”

“Aa, amayi! Mpaka kufunsa? Ine ndi wanu, moyo wanga wonse.”

Ndipo pamene ankanena zimenezi sankanama. Mumtima mwake ankawafunadi mayi Nachanza. Ankadziwa kuti a Kathumba ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kungoti chisankho chachipulula chinalibe bokosi, chinalibe pepala, chinalibe kachipinda kobisalamo. Opikisana ankaima kutsogolo pabwalo, ndipo ovota ankafola mzere kumbuyo kwa amene akumufuna, dzuwa likuswa mtengo, aliyense akuona. Chokhacho chimene ankachita pofuna kuchepetsa chidani n'chakuti opikisanawo ankawamanga nsalu kumaso, kuti asaone amene waima kwa iwo ndi amene wapita kwina.

Kalipentala anayamba kuyeza nkhaniyi monga mmene ankayezera thabwa. A Kathumba adzamangidwa kumaso, n'zoona, koma anyamata a pamalole awo sadzamangidwa, ndipo ali ndi mafoni ojambulira. Mayi Nachanza alibe owajambulira. Iwo akamangidwa, amangidwa basi. “Ndikaima kwa a Kathumba,” anadziuza yekha, “ntchito yanga yapulumuka. Amayi sadzaona. Komanso anthu amawakonda, apambana ngakhale popanda ine. Ndipo tsiku la chisankho chenicheni, m'kachipinda muja mopanda ondiona, ndidzachonga pa nkhope yawo ndi mtima wanga wonse.” Atatha kuganiza choncho anamva ngati wachenjera kwambiri, mpaka anayamba kuimba nyimbo ya Mulungu akupala matabwa. Anaiwala kuti mapanga awiri avumbwitsa.

Tsiku linafika. Anthu anasonkhana pabwalo la mpira la sukulu ya pulaimale. Mkulu woyendetsa chisankho, wochokera kuofesi ya chipani kuboma, anayamba waitana opikisana awiriwo n'kuwasayinitsa pepala lakuti amene alephere sadzaima payekha, koma adzathandiza mnzake. Onse anasayina. Kenaka anawaimika motalikirana, anawamanga nsalu kumaso, n'kuliza wezulo.

Fumbi linakwera. Amayi a kutsidya anathamangira kumbuyo kwa mayi Nachanza akuimba. Ena anathamangira kwa a Kathumba. Kalipentala anakakhala pansi pa mtengo wa mango, akumanga zingwe za nsapato zomangamanga kale. Ankadikira kuti mizere ikhazikike, kuti akalowe anthu maso ali kutsogolo. Ataona kuti phokoso lachepa, anazemba n'kukaima kumapeto kwenikweni kwa mzere wa a Kathumba, atatsitsa chipewa. Mmodzi wa a pamalole anamuloza ndi foni. Iye anakweza chipewacho pang'ono kuti nkhope ioneke bwino, kenaka n'kuchitsitsanso. Maganizo ake anali akuti akangomuwerenga, asowe nsalu zisanamasulidwe.

Anawerenga. Mayi Nachanza, sikisite-wanu. A Kathumba, sikisite-thuu.

Pabwalo panadzuka chipwirikiti. A kutsidya anakuwa kuti kwaberedwa, kuti munthu mmodzi wawerengedwa kawiri. Mkulu woyendetsa uja anakwera pa desiki.

“Pasachoke munthu pamzere! Amasuleni nsaluzo, awerenge okha ndi manja awo!”

Kalipentala anacheuka. Kuthawa sakanatha, poti kumbuyo kwake kunali kutaima anthu oonetsetsa kuti wina asalowe kapena kutuluka. Mayi Nachanza anatikita m'maso, n'kuyamba ndi mzere wawo, akugwira aliyense paphewa. Anapeza sikisite-wanu. Kenaka anapita ku mzere wa a Kathumba. Kalipentala ankamva mawu awo akuyandikira. Fote. Fifite. Fifite-naini. Sikisite. Sikisite-wanu. Dzanja lija linafika paphewa pake, dzanja lomwe lija limene linagwira machira, ndipo linakhalitsa pamenepo. Mayiwo anawerama pang'ono n'kusuzumira kunsi kwa chipewa.

“Sikisite-thuu,” anatero, mawu awo osanjenjemera. “Palibe chinyengo, akuluakulu. Awerenga bwino.”

Sanatukwane. Sanalire. Anakagwira chanza a Kathumba, anatenga njinga yawo n'kumapita. Akanamulalatira, mwina kalipentala akanapezako mpumulo. Koma iwo anangomuwerenga basi.

Mawa lake analawirira kunyumba kwa mayiwo, chipewa chili m'manja. Anawapeza akusesa pabwalo. Anawadandaulira kuti aime paokha, popeza nthawi yopereka zikalata inali isanathe. Anati pa chisankho cha m'bokosi palibe woona mnzake, ndipo anthu ambiri amene anaima kwa a Kathumba chifukwa cha mantha adzavotera iwo.

“Bambo a Sigele,” anayankha mayi Nachanza, osasiya kusesa, “dzulo ndinasayina pamaso pa anthu kuti sindidzaima. Ine mawu anga ndi amodzi, kaya akundiona kaya sakundiona.”

Tsiku la chisankho chachibwereza linakwana. Malo ovotera anali pasukulu pomwepo. Kalipentala anaonetsa chiphaso chake, anapeza dzina lake m'kaundula, anamupaka inki pachala, n'kumupatsa pepala. Analowa m'kachipinda kaja. Munali zii. Munalibe foni, munalibe a pamalole, munalibe bwana. Kulimba mtima konse kumene anasungira tsiku limeneli kunali naye, kodzaza mpaka m'khosi. Anayendetsa chala papepala kuchokera pamwamba mpaka pansi. Panali nkhope ya a Kathumba ikumwetulira, ndi nkhope ziwiri za anthu a zipani zina amene ngakhale mayina awo sankawadziwa. Nkhope imene anaisungira voti yake panalibe. Anaifufuta yekha, masana, ndi mapazi ake.

A Kathumba anapambana, n'kubwerera kutauni. Zitseko za nyumba yawo ya alendo zinakhomedwa zonse, zokongola, zosalira. Dzinja litafika mtsinje unadzaza monga mwa nthawi zonse, ndipo Sigele, amene tsopano anali ku sekondale, ankaima m'mbali mwa madzi ndi anzake, mabuku ali pamutu, kudikira kuti aphwe.

Abale ndi alongo, ine a Kathumba sindikwiya nawo kwenikweni. Fisi ndi fisi, sanabise mawanga ake. Amene akundiwawitsa mtima ndi kalipentala, munthu wabwino, wodziwa choonadi, wokonda choonadi, koma wochikonda mobisa. Zoipa zambiri m'midzi mwathu muno sizipambana chifukwa oipa ndi ochuluka, ayi. Zimapambana ndi munthu mmodzi, wabwino, amene anakhala pansi pa mango akumanga nsapato.

Ndipo musayang'ane mnzanu, ndikunena inu, ndikunenanso ine. Ndi kangati tamva mayi wamasiye akulandidwa munda, ife n'kunena kuti, “Mumtima ndili naye,” uku mapazi athu ali kumbali ya olanda? Ndi kangati kuntchito anamizira munthu ife tikudziwa zoona, n'kutseka pakamwa kuti tisataye zitseko zathu ndi mafelemu athu? Timati tidzamupempherera kuchipinda. Pempherani, n'zabwino. Koma munthuyo sanagwe kuchipinda, anagwa pabwalo, ndipo ndi pabwalo pomwepo pamene ankakufunani.

Timachita ndi Ambuye wathu ngati kuti naye tamumanga nsalu kumaso. Lamulungu timamuuza kuti, “Ine ndi wanu, moyo wanga wonse.” Lolemba timakaima mzere wina, n'kumadzitonthoza kuti amadziwa za mumtima. Amadziwadi za mumtima, koma amaonanso pamene paima mapazi. Mulungu samangidwa nsalu. Ndipo kukhulupirika kumene mukusungira tsiku lopanda zoopsa, tsikulo likadzafika kudzakhala kulibenso ntchito.

Tsiku likubwera limene Ambuye adzanene kuti pasachoke munthu pamzere. Iye mwini adzayenda akutiwerenga mmodzimmodzi, dzanja lake lili paphewa. Sadzafunsa kuti mumtima munkafuna ndani. Adzakuwerengerani pamene mwaimapo. Choncho ngati mwaima mzere wolakwika, m'bale wanga, mlongo wanga, vulani chipewacho, mutuluke lero lomwe, onse akuona, kuwerenga kusanafike pa inu.