Sukulu Yogoneka Minga

Kalekale, inu, mitambo ikadatsika kudzamwa madzi pamodzi ndi nyama, kunali dziwe limodzi pakati pa dambo. Mwati tili tonse? Chabwino, sendererani kuno.

Dziwelo linali loyera moti ukaweramira unkaona nkhope yako ndi maloto ako a dzulo omwe. Koma chaka china dzuwa linakwiya. Mitsinje yonse inauma, kunangotsala dziwelo. Ndiye kunabwera a Njati, thupi ngati chulu, n'kugona pakati penipeni pa madzi. Wofuna kumwa ankalozedwa ndi nyanga.

Amene anavutika kwambiri anali mayi Nungu. Anali ndi ana awiri oyamwa, ndipo chifukwa cha ludzu mkaka unayamba kuuma. Komatu mayiwa anali amtima wapachala. Ntchentche ikangowatera, minga yonse njo!

"Mawa ndikamubaya pamphuno ameneyu," anatero akudutsa pansi pa mkuyu.

"Mukamubaya, iye akupondani. Nanga anawo adzayamwa kwa yani?"

Mawuwo anatsika pang'onopang'ono ngati tsamba. Anali a Nanzikambe, amene anali atatsegula sukulu mumkuyumo. Sukulu yopanda choko, yopanda belu. Ankaphunzitsa chinthu chimodzi chokha: kulimbana ndi wamkulu osamukhudza ngakhale ndi chala.

Mayi Nungu analembetsa. Analembetsanso Chule, Gwape ndi Nkhanga. Fisi naye anafika, n'kufunsa ngati pamaphunziropo pamakhala chakudya. Atamva kuti ayi, anakumbukira kuti kwawo kuli maliro.

Tsiku loyamba a Nanzikambe anati, "Chule, atukwane mayiwa. Inu mayi, minga igone."

Chule anatsokomola. "Inu mayi, msana ngati tsache lakutha!"

Minga njo! Chule anakagwera kutchire.

"Tiyambirenso," anatero aphunzitsi, diso lina likuyang'ana kum'mawa, lina likuyang'ana chaka chatha. "Pumani katatu. Ganizani anawo."

Chule anatukwana, minga njo. Anatukwananso, minga njo. Dzuwa litapendeka anatukwana mpaka mawu kusasa, koma minga inangogona ngati udzu wolemedwa ndi mame.

Tsiku lachiwiri a Nanzikambe anati, "Pitani khomo ndi khomo. Musakalamule, kafunseni. Aliyense akuuzeni chikumuwawa, akuuzeninso chimene amawachitira a Njati."

Anayenda, anayenda, anayenda. Mayi Nungu anakafika kwa akakowa, mbalame zoyera zija zimatsata ng'ombe.

"Ifetu ndife timawachotsa nkhupakupa a Njati," anatero wamkulu wa akakowa. "M'makutu, pansi pa mchira, ponseponse. Koma madzi, mayi, ngakhale dontho satipatsa."

A Nanzikambe atamva zimenezo anasintha mtundu katatu chifukwa cha chimwemwe.

Tsiku lachitatu phunziro linali liwu limodzi lokha: odi.

"Aphunzitsi, mwatiyitanira odi?" anadandaula Nkhanga. "Ameneyu ngakhale dzira limamudziwa."

"Mukumudziwadi. Koma taganizani. Mlendo akuti odi pakhomo, mwini nyumba ali m'katimo osayankha, mudzi wonse ukuona. Manyazi amagwira yani?"

Onse anavomera ndi mitu.

M'mawa mwake, nkhungu ikadayandama padambo ngati ufa wouluka, anapita kudziwe. Anakhala pansi mozungulira madzi, n'kuwomba m'manja mwaulemu.

"Odi, a Njati!"

A Njati anatsinzina.

"Odi, a Njati!"

Anatero mpaka madzulo, osasendera, osatukwana. Akakowa anangokhala mumkuyu mbuu ngati thonje, osatsika.

Tsiku lotsatira anabwera ochuluka: abuluzi, mbewa, agulugufe, nyerere zomwe. Odi wawo anamveka ngati mvula yakutali. A Njati anayamba kugwedeza makutu.

"Iwe Kakowa, tsika! Chinachake chikundiyenda m'khutu!"

"Pepani bwana," anayankha Kakowa, "tikadali pa odi. Simunatiyankhe."

Tsiku lachitatu la odiyo mayi Nungu anasiya ana awo ali lefu, osathanso kulira. Anakakhala patsogolo pa onse, pakamwa pali gwa. A Njati nawo nkhupakupa zinali zitawamanga misasa thupi lonse. Atangomva odi woyamba, anavuuka m'madzi, matope chuchuchu, n'kuthamangira amene anali patsogoloyo. Nthaka inanjenjemera. Anaima mphuno itatsala pang'ono kukhudza nkhope ya mayi Nungu.

Mphuno yomwe ija, inu! Yakuda, yofewa, yonyowa, ili pafupi chonchi. Minga inayamba kudzuka yokha, umodziumodzi. Gwape anabisa maso.

Mayi Nungu anapuma kamodzi. Anapuma kachiwiri. Kachitatu anaona tiana tawo tiwiri tija, ndipo minga inagona. Anawomba m'manja.

"Odi, a Njati."

A Njati anayang'ana uku ndi uku kufuna woti amenyane naye. Panalibe. Panali maso okhaokha, aakulu ndi ang'ono, onse ali pa iwo, onse akudikira yankho. Nyanga zinawalemera ngati anyamula mtondo. Ndiye khutu linayabwanso.

Anatembenuka. Anayenda mwakachetechete mpaka pansi pa mkuyu pomwe panali akakowa. Anaima pamenepo nthawi yaitali, akukanda dothi ndi chiboda. Kenako kanatuluka kaliwu kakang'ono ngati ka udzudzu.

"Odi."

"Sitinamve!" anakuwa Chule.

"Chule, tseka pakamwa," anatero a Nanzikambe. "Mlendo wati odi. Timuyankhe."

Dambo lonse linayankha pamodzi, "Odini, a Njati!"

Akakowa anatsika ngati maluwa akuyoyoka, n'kuyamba ntchito. A Njati anatsinzina ndi kukoma. Khutu litapola anayang'ana dziwe lija, anayang'ana mayi Nungu, n'kunena chamumtima koma momveka, "Odini nanunso, mayi. Kamweni."

Mayi Nungu anamwa, anamwa, anamwa. Pobwerera kunyumba mkaka unali ukudontha m'njira, ndipo paliponse pamene unadonthera panamera bowa woyera. Musandiyang'ane choncho, bowayo ndinadyako ine ndemwe. Ana aja anayamwa mpaka kugona mawere ali m'kamwa.

Kuyambira tsikulo anagwirizana kuti a Njati azigona m'matope a kumunsi, madzi oyera a kumtunda akhale a aliyense. Mpaka lero mudzaona kakowa ali pamsana pa njati, akumukumbutsa pangano lija m'khutu.

Phunziro lake ndi ili: wamphamvu akakuponderezani, musathamangire kubaya. Pitani mukaphunzire kuugwira mtima, muyende khomo ndi khomo, mukhale pamodzi osasuntha, chifukwa wamkuluyo naye pali chimene amadalira kwa inu.

Nthano yanga yagoneka minga pomwepa. Amene anakwirira mbatata paphulusa athamange, fungo lopserera lafika kale kuno.