Nsikidzi za Kapito

Kalekale, koma osati kale la makolo athu, kale la dzana lomweli, kuseri kwa shopu ya telala wina ku Chilomoni kunkakumana anthu Loweruka masana kusewera masewera a nthano. Mmodzi ankakamba nkhani ndi kuyendetsa adani onse. Enawo aliyense anali ndi ngwazi yake, kachidole kamtengo koimika patebulo. Zoti mkondo walasa kapena waphonya ankagamula ndi madayisi, timiyala tamadontho tochita kuponya. Lamulo lawo lalikulu linali ili: ngwazi ikafa yafa basi, ndipo wophetsa ngwazi ya mnzake chifukwa cha kaduka asiye mpando wake, asadzapondenso pamenepo.

Wokamba nkhaniyo anali Kapito. Sabata yonse ankaswa mutu kupeka mapiri, mizinda ndi zilombo. Koma masewera akatha, anthu ankawombera m'manja msuweni wake Lonjezo, mwini ngwazi yotchedwa Gwetsaphiri. "Mwamuona Gwetsaphiri lero?" Panalibe ndi mmodzi yemwe woti, "Mwachiona chinjoka cha Kapito?" Chinjoka chochiganizira mpaka kuiwala kudya, n'kungofa ndi nkhwangwa imodzi! Tisabise, nsanje inamudya Kapito mpaka m'mafupa.

Tsiku lina anabwera wopanda chinjoka. Anangomwaza timapira patebulo.

"Mwafika panyumba ya alendo muli ndi mabala," anayamba motero. "Mawa mukumana ndi chimphona cha pamlatho. Koma pamphasa pali nsikidzi, ndi izi."

M'masewerawo ngwazi yovulala inkapezanso mphamvu ikagona tulo tabwino. Nsikidzi ndiye kanali kachilombo kotsiriza kufooka, koti ungakaphe ndi chala, koma kankalanda tulo. Kapito ankamudziwa bwino msuweni wakeyo. Sanabere ngakhale pang'ono, madayisi onse anaponyera poyera.

Lonjezo anaseka mpaka kugwira nthiti. "Msuweni, nzeru zakuthera eti? Ine wodula chinjoka mutu, ndiziponya madayisi chifukwa cha nsikidzi? Gwetsaphiri agona pomwepo!"

Ngwazi za anzake zinakutumula mphasa, zina zinakagona panja. Kapito anafunsanso, nkhope ili yachifundo koma mtima ukuvina: "Watsimikiza, msuweni?"

"Ndanena kale."

Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Gwetsaphiri kunamuchera akudzikanda, mabala ake ali chikhalire.

Tsono panalinso Ndaziona, mlongo wake wa Lonjezo, amene ngwazi yake inali sing'anga wa gululo. Kuyambira kale ndiye ankamanga mabala a Gwetsaphiri, koma zikomo sanamumvepo. Chimene ankamva n'chakuti, "Iwe, mankhwala msanga!" Nayenso chinkamuwawa, kungoti ankameza. Pamlatho paja chimphona chinagwetsa ngwazi ziwiri, Gwetsaphiri ndi ngwazi ya telala mwini shopu, zonse zili wefuwefu. M'thumba la sing'anga munatsala nsupa imodzi yokha.

"Iwe, mankhwala!" anakuwa Lonjezo.

"Achimwene, si paja inu simufa?" anatero Ndaziona, n'kumwetsa ngwazi ya telala. Kapito anaona kamseko kakudutsa pakamwa pa mtsikanayo, ndipo anakazindikira, chifukwa kanali ngati kake komwe.

Dayisi lomaliza linagubuduka, n'kuima pamadontho ochepa. Gwetsaphiri anafa.

Lonjezo anatola kachidole kake, akukapukuta ndi malaya, misozi ili lengelenge. Kapito ankayembekeza kuti mtima wake uzizira, koma anangomva telala akuusa moyo: "Koma abale, imfa ya Gwetsaphiri sitidzaiwala. Inali ngwazi!" Ha! Ngakhale atafa, m'manja ankawomberabe yemweyo. Za nzeru zosandutsa timapira kukhala imfa, panalibe woziyamika.

Kenaka Lonjezo analoza chala. "Lamulo mukulidziwa. Pano pali wandiphetsa ndi kaduka. Achoke, apo ayi ine simudzandionanso."

"Ine ndaika nsikidzi zokha, zoti ndi mwana yemwe akanazitswanya," anatero Kapito. "Ndinakutsinanso khutu."

"Nsupa inali imodzi, ogwa anali awiri," anatero Ndaziona. "Ndikanatani? Munadzipha nokha ndi matama, achimwene."

Anakangana mpaka telala anatseka shopu. Loweruka lotsatira Kapito anafika ndi chikwama chodzaza mapiri ndi zilombo zatsopano, n'kupeza mipando itasanjikizidwa pakona. Telala anati tebulo silituluka mlandu usanathe.

Ndiye mlanduwo ndi uwu ndautula kwa inu. Kapito anatchera ndi nsanje, koma sanabere ndipo anachenjeza. Ndaziona anapulumutsadi moyo, koma anasankha ndi mtima wowawa. Lonjezo sanachitire munthu kaduka, koma mphasa ija anagonapo yekha, maso akupenya. Inu mukuti anapha Gwetsaphiri ndani, ndipo woyenera kusiya mpando wake ndi uti?