Chigoba cha Muimba

Kuseri kwa msika wa mumzinda wa Pachuca kunali bekale ya Anselmo Quiroz ndi mkazi wake Hortensia. Mwamunayo ankakanda ufa ndi kuyang'anira uvuni, mkaziyo ankagulitsa, ndipo ogula akachepa ankalowa kuchipinda chamkati kukakhala pa makina osokera. Anthu a m'deralo ankamudziwa Anselmo ngati chimunthu chodzaza pakhomo koma chofatsa, chosadziwa kukweza mawu ngakhale kwa galu. Chomwe sankadziwa n'chakuti Lamlungu lililonse munthu yemweyo ankavala chigoba chakuda cha nsalu, chosokedwa ndi mkazi wake, n'kusanduka Muimba, katswiri wa masewera ogwetsana amene mzinda wonse unkadana naye.

Kudedwako inali ntchito yake, pakuti anali wa mbali ya oipa, amene amalowa m'bwalo kuti akabere ndi kutukwana oonerera. Koma woipa ndi wabwino yemwe, aliyense amasunga chigoba chake ngati diso. Nkhope ikangooneka pagulu, dzina lija lafa, ndipo palibe amene angakuopenso. N'chifukwa chake pali lamulo lakuti wovula mnzake chigoba waluza pompo.

Lamulo limeneli ndilo Muimba analisandutsa munda wake. Akaona kuti mpweya wamuthera ndipo lamba wa ukatswiri akumupulumuka, ankadikira kuti woyimbira acheuke, n'kudzivula yekha chigoba, kuchiponya m'manja mwa mnzakeyo, iye n'kugwa chafufumimba ataphimba nkhope. Woyimbira potembenuka ankapeza wina ali ndi chigoba m'manja, kukamwa kuli yasa. Lamba ankabwerera kunyumba, n'kukagona m'kabati ya ufa.

Pa onse odana ndi Muimba panalibe woposa Doña Eulalia, mayi wamasiye wogulitsa maluwa, amene mpando wawo unali wakutsogolo penipeni. Ankamulalatira mpaka mawu kusasa, ndipo Muimba tsiku lina anawalanda mpango n'kupukutira thukuta la m'khwapa. Lolemba lililonse mayiwo ankabwera kudzagula mabanzi.

“Anselmo mwananga, ukanaona zomwe wachita galu uja dzulo,” ankatero. “Mayi amene anabala chinthu chimene chija ndimawamvera chisoni. Dziko likanakhala ndi anthu ngati iwe, bwenzi tili pa mtendere.”

“Zoona, mayi,” ankayankha Anselmo maso ali pansi, n'kuwaikira banzi limodzi la basera.

Kenaka kunalengezedwa Lamlungu la malamba, tsiku limene mpikisano uliwonse, kuyambira woyamba mpaka wotsiriza, unali wolimbirana lamba. Muimba anamuika kumapeto kuti akakumane ndi Tombolombo, mnyamata wa chigoba chobiriwira amene ankauluka pa zingwe za bwalo ngati alibe mafupa. Loweruka lake Anselmo analowa kuchipinda chosokera, ufa uli mbuu m'manja.

“Mayi a Chela, mawa chingwe chakumbuyo kwa chigobachi mundimangire mfundo yosavuta kumasula.”

Hortensia anaimitsa makina. “Mukufuna kukachitanso zomwe zija?”

“Mawondo anatha awa. Mnyamata uja sindingamugwire ngakhale atandipatsa njinga.”

“Ndiye kagweni ngati mwamuna, lamba apite, nkhope itsale. Lamba amabwerera, bambo a Chela. Anthu si ana, aona zimenezi kambirimbiri. Mukuganiza kuti mnyamatayo alibe maso, kapena alibe omuuza?”

“Maso ali nawo, koma munthu ukamuponyera chinthu amawakha. Manja safunsa mutu.”

“Ine sindimanga mfundo imeneyo. Ndinasoka chigobacho kuti chikubiseni, osati muziponyera anthu ngati mpira.”

Anselmo anaseka, n'kunena kuti akazi amaopa ndi chithunzithunzi chomwe. Mawa lake anadzimangira yekha mfundoyo pagalasi. Hortensia anakwiya, koma anatenga thaulo lalikulu n'kumutsatira ku bwalo.

Dzuwa lisanalowe nyumba ya masewera inali itadzaza, mpaka ena anakhala pa masitepe. Malamba ena anasintha eni, ena anatsala pomwepo, koma anthu mtima unali pa mpikisano wotsiriza. Muimba atatulukira, lamba ali ng'aning'ani m'chiuno, nyumba yonse inamukuwiza. Anaima patsogolo pa Doña Eulalia n'kuwerama mwachipongwe.

“Agogo, mukadali moyo? Manda akukudikirani, mukuchedwetsa anzanu pamzere.”

“Ndidzafa nditaona nkhope yako yonyansayo, mbava iwe,” anayankha mayiwo akugwedeza ambulera.

Mpikisano unali wa ndime zitatu, wopambana ziwiri ndiye mwini lamba. Yoyamba Tombolombo anaitenga mosavuta. Yachiwiri Muimba anaiba, atapanikiza mnyamatayo pansi kwinaku mapazi atawakoleka pa chingwe pomwe woyimbira, Don Cleofas, sankaona. Pofika ndime yachitatu mpweya wa Muimba unkatuluka ngati wa munthu wokwera phiri ndi thumba la ufa. Anadziwa kuti nthawi yakwana.

Anakankhira Tombolombo pa woyimbira, ndipo Don Cleofas anagwa atagwira diso. Muimba anakoka mfundo ija ya kumbuyo kwa mutu, chigoba n'kuvuka bwinobwino. Anachiponya pachifuwa pa mnyamatayo, iye n'kudzigwetsa chafufumimba manja ali kumaso, akubuula ngati wabayidwa.

Koma Tombolombo sanawakhe. Anaika manja kumbuyo n'kupatuka pang'ono, ngati munthu wolewa madzi otayidwa pakhomo. Chigobacho chinadutsa pakati pa zingwe n'kukagwera pamiyendo pa Doña Eulalia. Mnyamatayo anathamangira pangodya yakutali, anakwera pamwamba pa zingwe, n'kukweza manja opanda kanthu kuti aliyense aone.

Don Cleofas atadzuka anayang'ana Muimba ali pansi, anayang'ana Tombolombo ali kutali, anayang'ana zala za anthu zonse zikuloza munthu mmodzi.

“Wandivula,” analira Muimba m'kati mwa zikhato. “Mwana uyu wandivula chigoba.”

“Wakuvula ndi chiyani, ndi maso?” anafunsa Don Cleofas. “Dzuka, masewera sanathe.”

Apa mantha anamugwira Anselmo kwenikweni. Anasuzumira pakati pa zala, n'kuona chigoba chake chili m'manja mwa Doña Eulalia. Anakwawa ndi zigongono kufika m'mphepete mwa bwalo.

“Mayi, chonde, ndiponyereni.”

“Lero ndakhala mayi?” Doña Eulalia anachipinda chigobacho mosafulumira, anadzuka pang'ono, n'kuchikhalira. “Bwera udzatenge.”

Hortensia anali akudzipanikiza pakati pa anthu ndi thaulo lija, koma njira inali itatsekeka. Tombolombo anadumpha kuchokera pangodya, anamugwira Muimba mwendo, n'kumugudubuza chagada. Woyimbira anamenya pansi kamodzi, kenaka kachiwiri; kachitatu kukanakhala kugonja. Munthu anafunika kusankha, manja akhale kumaso lamba apite, kapena manja akankhe nkhope ioneke. Anselmo sanasankhe n'komwe. Thupi lozolowera zaka zonsezo linadzichitira lokha, mkono unakankha, ndipo nkhope yake inakhala poyera pansi pa magetsi.

Atazindikira anabweza manja kumaso mofulumira, ndipo mnyamatayo anangomugonera pachifuwa. Don Cleofas anawerenga mpaka katatu popanda chovuta.

Phokoso linakwera, kenaka linatsika lokha, poti a mipando yakutsogolo anali ataona. Munthu wina anafunsa mokweza kuti, “Kodi si Anselmo wa buledi ameneyu?” Funsolo linayenda mzere ndi mzere mpaka kumwamba, ndipo kumeneko linasanduka chiseko. Hortensia anafika ndi thaulo lake n'kumufunditsa kumutu, koma panalibenso chobisa. Doña Eulalia okha sanaseke.

Lolemba bekale inadzaza ndi anthu amene sanabwere kudzagula kanthu. Ana ankasuzumira pawindo akukupiza manja ngati mapiko a muimba. Amuna ena ankafunsa ngati buledi wa lero ali ndi chigoba kapena amuvula kale. Anselmo ankangokulunga mabanzi, makutu akutentha ndi manyazi.

Chakumasana Doña Eulalia analowa, anthu n'kuwapatsa njira. Anaika chigoba chija pakauntala, chochapa ndi chosita.

“Ndachichapa. Chimanunkha thukuta lomwe lija la pa mpango wanga.”

“Mayi, pepani. Zija ndi ntchito chabe.”

“Kunditukwana m'bwalo ndi ntchito, ndikudziwa, ndipo ndimalipira pakhomo kuti nditukwanidwe ndibweze. Zimenezo sindikudandaula. Koma Lolemba lililonse ndimaima pano kukutcha mwananga, kukuuza za kumtima kwanga, iwe ukungoti zoona mayi, n'kundiikira basera. Ndikatuluka umaseka, eti?”

“Sindinasekepo, mayi.”

“Kaya. Ine sindingadziwe.”

Anselmo anatola banzi la shuga, lomwe mayiwo ankalikonda, n'kuwapatsa. Iwo analiyang'ana, anakonza mpango wawo, n'kutuluka osalilandira. Anselmo anawaona pawindo akuwoloka msewu kulowa m'bekale ya tsidya lina. Zimenezi zinamupweteka kuposa lamba.

Eni masewera anatumiza uthenga sabata yomweyo kuti Muimba sadzafunikanso, pakuti palibe amene angalipire kuti akaope munthu amene amamugulitsa buledi m'mawa. Hortensia sananene kuti ndinakuuzani. Anangotenga nsalu yakuda yomwe anagula kuti asokere chigoba chatsopano, n'kuidula kukhala epuloni.

Anselmo akuphikabe buledi mpaka lero, ndipo buledi wake ndi wabwino. Akanagonja tsiku lija chingwe chili chomanga, bwenzi atataya lamba yekha, Muimba akadali moyo, Doña Eulalia akubwerabe Lolemba kudzamutcha mwana wawo. Koma chinyengo chikayenda bwino kamodzi, mwini wake amayamba kuchiyesa luso, n'kuiwala kuti oonerera nawonso akuphunzira. Paja akulu anati, ukatambatamba uziyang'ana kum'mawa, kungakuchere.