Kareti ya Grain M'matope a Chilwa

Grain ndi Sumaili ankagwiritsa ntchito bwato limodzi pa doko lina, kufupi ndi pamene mtsinje wa Likangala umathira m'nyanja ya Chilwa. Grain anali wowonda ngati nsungwi yokankhira bwatolo, pomwe Sumaili akakhala kumbuyo, mphuno ya bwato inkaloza kumwamba. Wina ankapemphera kutchalitchi, wina kumzikiti, koma miono yawo inali imodzi ndipo milamba ankagawana mwamtendere. Pa zina zonse ankakangana.

Chaka chimene mkulu wina wa ku Songani anayamba kubwera ndi vidiyo ndi jenereta, doko lonse linapenga ndi filimu ya apolisi awiri. Mmodzi anali wowonda, wouluka ndi mateche. Mnzake anali wonenepa, wamantha, wotafuna ngakhale zipolopolo zikulira. Chilankhulo chawo panalibe wochimva, choncho mwini vidiyo ankamasulira za m'mutu mwake, apolisiwo n'kumatukwanana m'Chiyao. Anthu ankaseka mpaka kugwa pamabenchi, ndipo Grain ndi Sumaili akalowa m'chisakasa choonetseramo filimuyo ankalandiridwa ndi mawu oti, "Afika eni ake filimu."

Sumaili ankangoseka nawo, koma Grain zinamulowa m'mafupa. Anayamba kumanga kansalu pamutu, ndipo nthochi za kuseri kwa nyumba yake zinaona zakuda ndi mateche.

M'masiku omwewo miono yawo inayamba kupezeka yopanda kanthu. Wina ankaivuula iwo asanafike, ndipo kunyumba zonse ziwiri ana anayamba kuiwala fungo la nsomba.

"Mawa ndipita ndekha," anatero Grain. "Inu achimwene mumatsokomola, mumatafuna chinangwa. Wakuba amakumverani kutali."

"Wekha? Mufilimu muja apolisi alimo angati?"

"Wogwira ntchito ndi mmodzi. Winayo anamuikamo kuti tiziseka."

"Zikomo, bwana," anatero Sumaili, akupitiriza kusoka ukonde.

M'mawa mwake Grain anakabisa bwato m'njedza, udzu wautali wa m'madzi muja. Posakhalitsa anatulukira Wilisoni, munthu wogulitsa nsomba tsiku ndi tsiku ngakhale analibe mono ndi umodzi womwe, n'kuyamba kukhuthulira milamba ya eni ake m'bwato lake. Pakati pa awiriwo panali chimbowera chakale, mphasa ya udzu woyandama imene asodzi amamangapo tizisakasa tawo. Mwana aliyense wa pa Chilwa amadziwa kuti chimbowera chosiyidwa munthu amayamba wachigwaza ndi nsungwi asanapondepo. Koma Grain tsikulo sanali wa pa Chilwa. Anakuwa ngati mphaka wopondedwa mchira, n'kudumpha mwendo uli patsogolo.

Bwato linathawira kumbuyo chifukwa cha kudumphako. Udzu wowola uja unangotseguka, Grain n'kulowa m'matope mpaka pachifuwa.

"Mwadzuka bwanji, apolisi?" anatero Wilisoni mwaulemu, n'kuvuula mono wotsala, ulendo.

Grain akati asolole mwendo, winawo unkamira. Matope anafika m'khwapa, misundu inayamba kumuyendera pamsana, ndipo bwato lake linkatengedwa ndi mphepo pang'onopang'ono. Anaitana dzina limodzi lokha limene linamubwerera m'mutu.

Sumaili sanakhale kunyumba. Anali atabwereka bwato la mlamu wake n'kukaima pakamwa pa ngalande, njira yokhayo yotulukira m'njedzamo, akudya chinangwa chake. Kunayamba kutuluka bwato lawo lopanda munthu, kenaka Wilisoni ndi milamba. Sumaili sanaponye chibakera. Anangokoka bwato la Wilisoni, kulowamo, n'kukhala pansi. Madzi anafika m'milomo mwa bwatolo.

"Ukagwedezeka timira tonse, ndipo ine ndimayandama," anatero. "Tembenuza. Mnzanga wamusiya pati?"

Grain anamupeza matope ali m'khosi, kansalu ka pamutu kokha kadakali kaukhondo.

"Bwana, tipitirize kuseka kapena tikuzuleni?"

"Che Sumaili, chonde."

"Ndimvenso bwino. Wogwira ntchito ndi mmodzi?"

"Ndi awiri, achimwene. Ndipatseni nsungwiyo."

Anamukoka onse awiri, Sumaili ndi wakuba yemwe, mpaka matope anamulavula ndi phokoso ngati la ng'ombe yozula mwendo m'dambo. Kabudula anatsalira komweko. Grain anafika padoko atavala thumba la mpunga, Wilisoni atasenza dengu la milamba kupita nalo kwa mkulu wa padoko, Sumaili akutsogolera mwamatama. Amayi oyanika matemba anasiya ntchito, ndipo kuseka kwa tsikulo sikunafune womasulira.

Madzulo ake mabanja onse awiri anadya mlamba. Kuyambira pamenepo miono ankailondera limodzi, wowonda kutsogolo, wonenepa kumbuyo, akukanganabe za amene anagwira wakuba. Akulu ananena kale: kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu.