Chaka chimene Nthanda inafiira

"Amama, kodi nyenyezi zimafa?" anandifunsa mwana wanga nyengo ya lupsa, kumwamba kuli tuu ndi utsi. Ndinamuyankha ndi nkhani iyi.

Kalekale, m'mudzi mwathu momwe muno munali kholo lathu Kamtedza, wofula njuchi kuphiri. Nkhope yake inali zipsera zokhazokha. Atadwala nthomba anamusiya yekha m'chisakasa kutchire, koma m'mawa uliwonse ankapeza chikho cha madzi pachitsa. Woikayo sankamuona. Ankangoona mapazi pafumbi, lamanzere lili ndi zala zinayi.

Chaka china tchire linapsa, linapsa, linapsabe, mvula osabwera. Dzuwa unkatha kuliyang'ana osaphethira. Nthanda, nyenyezi yodzutsa alimi m'bandakucha, inayamba kufiira ngati magazi. Kenako zii, inasowa. Atambala ankalirira thambo lopanda kanthu. Nanga anthu akanaleka kunong'ona?

"Waivundikira mumtsuko Nambewe!" anatero. Nambewe anali mayi wamasiye, wolawirira yekha kumadzi. Akuluakulu anagamula kuti mawa lake amwe mwavi.

Anamukhazika pabwalo atatambalala. Kamtedza anayang'ana pansi. Phazi lamanzere, zala zinayi.

"Akuluakulu, mwavi suthawa," anatero. "Tikwere naye phiri usiku uno. Nthanda ikakasowa kumeneko, inenso ndimwa."

"Iwe chisa cha njuchi, kuphiriko kuli thambo lina?" anaseka wina. Komabe anapita.

Anakwera, anakwera. Zitsa zikufukabe, phulusa likugwa mwakachetechete pamapewa, mbalame ngakhale imodzi osalira. Zaka zina Kamtedza ankaziona nyenyezi pamwambapo, koma utsi wa chaka chino ankaudziwa polekezera?

M'bandakucha mphepo yozizira inawaomba kumaso. Utsi unali utatsala pansi pawo, utayalika pamidzi ngati mkeka wotuwa. Ndipo uko kum'mawa, mbee! Nthanda, yoyera, yosaphethira, ngati diso limene linkawayang'ana masiku onsewo.

Za mwavi zinathera pomwepo. Potsika, Kamtedza anatunga madzi pakasupe, naika chikho pachitsa patsogolo pa Nambewe, nangodutsa. Mayi uja anachiyang'ana nthawi yaitali, namwa.

N'chifukwa chake, mwanawe, kwathu kuno kumwamba kukada sitithamangira kuloza munthu chala. Timati nyenyezi ilipo, chatchinga ndi utsi wathu womwe.