Nyumba Yopanda Zitseko

A Valdemar anakalambira pamadzi. Moyo wawo wonse wa ntchito ankayendetsa boti lowolotsa anthu pa mtsinje wa Tejo, m'mawa kukawatula ku Lisbon, madzulo kuwabweza kwawo. Atapuma pantchito anapezeka ali pakhonde la nyumba yawo ya ku Loures, maso ali pa khoma la galaja ya neba. Munthu wozolowera kuona kutali khoma limamudwalitsa, ndipo bambowa ankangokhala ndwii tsiku lonse.

Akazi awo, a Leocádia, nyumbayo analibe nayo mlandu. Inali yakale, inde, koma inali ndi zipinda, ndipo chipinda chilichonse chinali ndi chitseko chake. Khitchini inali ya mayi, kashedi ka kuseri kanali ka bambo, ndipo aliyense ankadziwa kothawira mnzake akayamba kutopetsa.

Tsiku lina a Valdemar anabwera mano onse ali pamtunda. Ku Marvila, m'mbali mwa mtsinje, kumene kale kunkangonunkha vinyo wosasa ndi dizilo, nyumba zakale zosungiramo migolo anali atazikonza kuti muzikhala anthu. Bambowa anali ataonako imodzi, ndipo mtima unali utatsala komweko. M'mawa mwake anawakoka mayi kuti akaone.

Inali chipinda chimodzi chachikulu, denga lili kutali ngati la tchalitchi, khoma la kumtsinje lili galasi lokhalokha. Pakona panali pophikira. Masitepe achitsulo ankakwera kupita pa kansanja pamene panali malo a bedi.

"Tayang'anani, mayi," anatero a Valdemar. "Madzi okhaokha."

"Madziwo ndawaona. Zipinda zili kuti?"

"Chogona si chimenecho pamwambapo?"

"Chitseko chake chili kuti?"

"Chitseko cha chiyani? Ana anakula, tatsala awiri. Tikubisirana chiyani?"

A Leocádia anawayang'ana amuna awo kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Abambo inu, ukwati wathuwu wafika pano chifukwa cha zitseko."

A Valdemar anaseka mpaka kutsokomola. Koma bambowa akati atsike pano, ngakhale muwauze kuti pali minga amatsika basi. Ananyengerera, ananyanyala, anasiya kudya, mpaka mayi anatopa nawo n'kunena kuti, "Zanu zimenezo." Nyumba ya ku Loures inagulitsidwa, iwo n'kusamukira kumtsinje.

Tinene zoona, masiku oyamba kunali kukoma. M'mawa dzuwa linkalowa m'nyumba monse, awiriwo ali pazenera ndi makapu a khofi, bambo akutchula sitima iliyonse yodutsa, kumene yachokera ndi zimene yanyamula. Pansi panali wophika buledi amene sanachedwe kuwadziwa mayina. Ngakhale a Leocádia anavomera kuti kuwala kwa m'nyumbamo kunali kwabwino posoka, ndipo ulusi ankaulowetsa mu singano popanda magalasi.

Koma nyumba yopanda makoma siisunga kanthu. Mayi akakazinga nsomba za sadini, fungo linkakwera masitepe kukagona m'mabulangete. Bambo akatsegula wailesi kumvera mpira, mayi sankamva sewero lawo la pa kanema. Mmodzi akayetsemula, mnzake ankadzidzimuka. Zonsezi ankapirira, poti zinali zazing'ono.

Chimene chinaswa mtendere ndi foni. Masana alionse, kuyambira ali mtsikana wongokwatiwa kumene, a Leocádia ankaimbira akulu awo a Adosinda, okhala kutsidya ku Barreiro, n'kuwauza zonse zimene amuna awo alakwitsa tsikulo. Akatero mtima unkatsika, n'kutuluka m'khitchini akuimba nyimbo. A Valdemar sankadziwa kuti ukwati wawo uli ndi bwalo la milandu limene limakhala tsiku lililonse.

Tsiku lina masana mayi anakwera pa kansanja, n'kutsitsa mawu monga mwa nthawi zonse.

"Achemwali, munthu uja wagulanso nsomba zadzulo. Wogulitsa akangomutcha kaputeni, basi nzeru zonse zimathawa."

"Zinali za lero," anayankha a Valdemar ali pazenera, osatembenuka n'komwe.

Kenako mayi anasuzumira pansi.

"Mukumvetsera nkhani za azimayi?"

"Ndikumvetsera chiyani? Mawu akundipeza okha. Ndiye mumandidya chonchi tsiku lililonse?"

"Ndikanapanda kumakudyani pafoni, bwenzi nditakudyani ndi mano kalekale."

Mkangano unakula, zakale zonse zinafukulidwa. A Leocádia anatsika masitepe magazi akuwira, maso akusaka chitseko choti amenyetse, monga ankachitira ku Loures zinthu zikafika pakhosi. Panalibe. Chinalipo n'cha kubafa chokha, chamakono, chokankhira kumbali. Anachikankha ndi mphamvu zawo zonse, icho n'kuyenda pang'onopang'ono, n'kudzitseka mwaulemu popanda ngakhale kaphokoso. Pamenepo a Valdemar analakwitsa kwambiri: anaseka.

Mayi anakweranso masitepe. Analongedza kachikwama, n'kupita kwa akulu awo.

"Apite," anadziuza bambo. "Ndipumeko." Anatsegula wailesi mpaka kumapeto, anadya ataimirira, nsapato anazisiya pakati pa nyumba. Koma mtendere umenewo sunachedwe kusasa. Tsiku lina m'mawa kunadutsa sitima yaikulu yoyera, yokongola zedi, ndipo iwo anatembenuka n'kuti, "Mayi, tabwerani mudzaone." Mawu awo anazungulira m'chinyumbamo n'kuwabwerera. Anasungulumwa, ndipo anachita mantha. Foni ankaimba, koma woyankha anali a Adosinda, ndipo yankho linali limodzi: "Akuti kuno kuli zitseko."

Anavala jekete la ku tchalitchi, n'kukwera boti ngati munthu wamba, atakhala pabenchi pakati pa anthu amene kale ankawawolotsa.

A Adosinda anatsegula chitseko pang'ono. "Alamu, mwasochera? Mtsinje uja mwausiya ndi ndani?"

"Ndabwera kudzatenga akazi anga, alamu."

"Kudzatenga? Ndi katundu?"

"Kudzawapempha."

"Eya, tsopano lowani."

A Leocádia anali pa tebulo akusenda nyemba. Sanadzutse mutu.

"Ndinalakwa kuseka," anatero a Valdemar. "Ndipo za zitseko zija munanena zoona. Koma nyumba ija tagula, ndipo popanda inu siikoma. Ndichite chiyani?"

"Nyumba ija ine sindidana nayo," anayankha mayi. "Kuwala kuja ndimakukonda. Chimene ndikufuna ndi malo oti ndizikhala osakuonani."

"Oyang'anira nyumba zija salola kumanga khoma."

"Ndani wanena za khoma?" Analoza kukhonde la m'kati. Kumeneko kunali kabati ya zovala ya malemu amayi awo, yamatabwa akuda, yaitali kuposa munthu, yotambalala ngati ngolo. "Imeneyo ikaima pakati pa zenera, kuchokera pagalasi kulowa m'kati. Mbali ina yanu, ina yanga. Ndipo ili ndi zitseko ziwiri zolira bwino."

A Valdemar anaiyang'ana kabatiyo. "Pakati pa zenera? Ndiye kuti theka la mtsinje lapita."

"Silinapite. Lili kwa ine."

"Sankhani, alamu," anatero a Adosinda akupukuta manja. "Mtsinje wonse muli nokha, kapena theka muli ndi munthu."

Kabati inawoloka mtsinje, ndipo amuna amene anaikweza anatukwana njira yonse. Anyamata ndi atsikana okhala m'nyumba zoyandikana, amene m'nyumba zawo mumangokhala mpando umodzi ndi duwa, ankaima kuonerera akugwedeza mitu. Itaima pamalo pake, nyumba yokongola ija inaoneka ngati munthu wovala suti ndi nsapato za kumunda. A Leocádia anakokera makina awo osokera kuseri kwake, anapachika nsalu pampata wotsala, n'kukhala pansi ndi mtima wonse.

Mpaka lero a Valdemar amakhala pa mpando wawo kumbali yawo ya zenera. Sitima ikatulukira amaiona bwinobwino, koma isanafike pakati imalowa kuseri kwa kabati n'kuzimiririka. Ikakhala yokongola kwambiri amadzuka, n'kugogoda pathabwa.

"Odi kumeneko. Ndingamalizeko sitimayi?"

Masiku ena yankho limakhala lakuti, "Lowani, koma musakhalitse." Masiku ena limakhala lakuti, "Ndili pafoni, tikukamba za inu." Akamva zimenezo amabwerera pa mpando wawo, n'kukweza wailesi pang'ono kuti mayi alankhule momasuka, sitima ija n'kupita osaiona. Sadandaula. Nyumba yopanda zitseko anaifuna okha, ndipo akulu anati walira mvula walira matope.